Lulama Wakana Bere

Ngqushwa, 28 Julaye 1987

Achimwene anga a Mlungisi,

Kunja kukuwomba chimphepo chozizira, ndipo dzuwa langopendeka kumene. Mphepo ikamawomba chonchi alovera satulutsa utomoni, tsamba limauma pamene wadulapo, ndiye lero sitinapite kuphiri. N'chifukwa chake ndapeza mpata wokulemberani. Muli bwanji kumgodiko? Ife kuno tilipo. Amayi akuti ndikuuzeni kuti chiyambire Epulo sitinaone kanthu kochokera kwa inu, koma ine ndikudziwa kuti mukanakhala nako mukanatumiza.

Musade nkhawa kwambiri. Ine ndi amayi tayamba kudula alovera m'phiri la kuseri kwa dibi la ng'ombe. Inu munkangowaonera patali anthu odula muli kubusa, ndiye ndikuuzeni. Timakumba kadzenje n'kuyalamo pulasitiki. Kenako timadula masamba a m'munsi ndi chikwakwa, a kumutu osawakhudza, n'kuwasanja mozungulira dzenjelo, kodulako kutaloza m'kati. Utomoni wachikasu umadontha pang'onopang'ono mpaka madzulo. Timakaupereka kwa a Tyhali, aja akazi awo anamwalira chaka chatha. Iwo amauwiritsa mumgolo mpaka ude ngati phula. Ukazizira umasweka ngati botolo, ndiye amakaugulitsa kutauni. Minga yandimaliza manja, zilembo zikakhota mundikhululukire.

Ndakukulungirani kachidutswa m'kapepala, paja munkadandaula kuti chakudya cha kukomboni chimakudzimbirani. Muzibenthula kochepa ngati mutu wa machesi. Musapyole, mungasamukire kuchimbudzi. Mbuzi nazo tikuzithirira m'madzi akumwa, nkhupakupa zachepa.

Mwana wanu Lulama wamera mano awiri ndipo akukwawa. Koma wasiya kuyamwa. Bere la amake likuwawa alovera, akangolilawa amalavula n'kulira. Tikumupatsa phala ndi mkaka wa mbuzi. Alamu a Nosakhele ali bwino, akupereka moni. A Tyhali ndi munthu wabwino, sabata yatha anawapatsa alamu jombo za malemu akazi awo.

Ndine mlongo wanu,
Nozibele


Welkom, 13 Ogasiti 1987

Nozibele,

Uwauze amayi kuti ndili moyo. Ndalama musayembekeze. Tanyanyala ntchito, palibe akulowa pansi. Kuno ndi nkhondo. Dzana alonda anabwera ndi agalu ndi utsi wokhetsa misozi, mnzanga wina chipolopolo cha mphira chinamuphulitsa diso ine ndikuona. Wina amene anafuna kuzemba kuti akalowe ntchito tinamugwira pageti, tinamuthyola miyendo ndi zitsulo za bedi. Ine ndinamenya nawo. Sindikubisira.

Kalata yako ndinaiwerenga mokweza m'chipinda, monga timachitira tonse kuno. Nditafika pa za Lulama, Motlatsi, wa mtundu wa Asutu amene amagona bedi la pamwamba panga, anaseka mpaka kutsamwa. Akuti, "Mwana woti akukwawa kumene, kumupakira alovera? Akulu, kwanu kuli wina akukulimirani. Mkazi amapaka zowawa kubere akatumbiza." Wina pakona akuti, "Ndipo chiwongo chake ndi jombo!" Chipinda chonse phwete. Motlatsi pano alibe mano akutsogolo, ndinamukhomera kukamwa pachitsulo cha mbaula. Magazi analavula, koma mawu ake sanalavulike m'mutu mwanga.

Ndinachoka kumeneko mu Januwale. Ngakhale pa Khirisimasi mkaziyo sindinamukhudze, chifukwa mwana anali wakhanda. Mwambo ndinausunga ine. Nanga lero bere walipakiranji? Akuthamangitsa mwana wanga kubere kuti apereke malo kwa wa yani?

Iwe ndiwe wofatsa, sunama. Undiyankhe. Mimbayo ndi ya miyezi ingati? Tyhali amabwera kunyumba kapena mkaziyo ndiye amapita? Ng'ombe za malowolo ndinazikumba pansi pano ndi manja awa, ndikugona chagada m'matope, kuti Tyhali azidyerera? Usamuwerengere kalatayi. Ukamuchenjeza ndidzayambira iwe.

Mlungisi


Ngqushwa, 25 Ogasiti 1987

Azakhali anga a Nomvuzo,

Moni wa kuno. Ndikhulupirira kuti ku Bhayi muli bwino ndipo mabwana anu sakukuvutani. Pepani kuti ndikukulemberani za mavuto, koma ndilibe wina womuuza. Ndaikamo kalata ya achimwene kuti muwerenge nokha. Inakhalitsa m'njira, yafika dzulo.

Azakhali, alamu alibe mimba, ndipo bere sanalipake. Amene amakwera phiri ndi ine si amayi, ndi alamu. Amayi ndi bondo lawo lija sangafike ngakhale kudibi. Koma mukukumbuka kuti achimwene analumbira pa ukwati kuti mkazi wawo sadzagwira ganyu iwo ali moyo. Ufa utatha m'nyumba, alamu anamanga duku n'kutenga chikwakwa. Anandipempha kuti, "Mlamu, ukamalemba usanditchule. Pamalo panga uziikapo amayi." Ndinachita choncho.

Utomoniwu umalowa paliponse. Umadutsa malaya n'kukamata pakhungu. Ukasamba ndi sopo, buledi amene wagwira amawawabe. Alamu anayesa kusamba ndi phulusa, anayesa kupakapo mkaka wa mbuzi, Lulama anakanabe. Mabere anawatupa, ankalira limodzi ndi mwanayo. Ine polemba ndinangoti bere likuwawa. Sindinaganize kuti kuli kamvedwe kena.

Achimwene anandiletsa, koma kalatayo ndawawerengera alamu. Poyamba anaseka. Akuti, "Ine ndi a Tyhali? Aja akayasamula mano awo ungawawerenge ndi dzanja limodzi?" Kenako kuseka kunatha, anakhala pansi pakhomo. Anati, "Lemba zoona. Bola andikalipire za ganyu." Ndawalembera achimwene lero lomwe, zonse, za jombo zomwe kuti ndi za minga ndi njoka.

Ndinawauza amayi kuti mwina alamu apite kaye kwawo. Amayi anakana, akuti, "Mwana wanga ndi wa pakamwa chabe. Mkazi akathawa ndiye kuti wavomera mlandu." Alamu nawo akuti akachoka anthu adzati ndi zoona. Ndichite chiyani?

Mwana wanu,
Nozibele


Bhayi, 29 Ogasiti 1987

Nozibele mwana wa mlongo wanga,

Ine ndili bwino, kupatula mapazi ong'ambikawa ndi dona wanga amene akuganiza kuti ndinabadwa ndi tsache m'manja. Iwe pakamwa ulibe, munthu akakupatsa moni umayang'ana zala za kumapazi, koma cholembera chako chili ndi lilime lalitali! Sindikukudzudzula. Mwamuna amene amafunsa Msutu wa pabedi la pamwamba za bere la mkazi wake, mutu wake ndi wovalira chipewa basi.

Tsopano tamvera. Wailesi ikunena kuti a kumigodi ambirimbiri achotsedwa ntchito, akuwakweza mabasi kuwabweza kwawo. Kalata yako ya kwa Mlungisi ikukwera, mwini wake akutsika, adutsana panjira. Akubwera alibe ntchito, alibe ndalama, ali ndi mawu a Msutu okha m'thumba.

Amako akuti ndi wa pakamwa chabe? Uwafunse kuti phewa lawo lamanzere linapendekeka bwanji. Bambo ako, mlongo wanga weniweni, analithyola ndi mpini chifukwa choti amako anaseka nthabwala ya wogulitsa nsalu. Ndinalipo ine, ndinawanyamula. Mlungisi ndi bambo ako amene anangosintha buluku.

Usadikire Lamlungu. Umukweze Nosakhele basi ya m'mawa apite kwawo ku Qoboqobo ndi mwanayo. Anthu anene zimene anene, miseche sinatemepo munthu. Tyhali naye umuuze akaone abale ake kwinakwake. Ine dona sandilola kuchoka mpaka alendo ake atapita, apo ayi ndikanabwera ndimukoke makutu mnyamatayo pa siteji pomwe.

Zikatha izi unditumizire masamba angapo a alovera opaka mapaziwa. Wa kuno wa m'botolo ndi madzi okhaokha.

Azakhali ako,
Nomvuzo


Ngqushwa, 6 Sepitembala 1987

Azakhali,

Kalata yanu inafika kusitolo Lachinayi. Achimwene anafika Lachiwiri.

Ndilemba mmene zinachitikira, chifukwa apolisi akandifunsa mawu amandithawa.

Tsikulo kunacha bwino, kopanda mphepo, utomoni ukudontha ngati sunadonthepo. Masana tinatsikira pamene a Tyhali amawiritsira kuti tidye buledi ndi chambiko. Mgolo unali pamoto ukuwira, iwo akutakasa ndi chimtengo. Ankawaseka alamu kuti jombo zinawakulira, akuyenda ngati bakha wopita kutchalitchi. Alamu anaseka. Achimwene anatulukira kuseri kwa alovera kusekako kukadali pakamwa pa alamu. Anali atafika kunyumba n'kufunsa amayi kuti mkazi wanga ali kuti, amayi n'kuyankha kuti ali kwa a Tyhali. Sanakhale pansi, ngakhale Lulama sanamunyamule.

Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala. A Tyhali anati, "Aa, mwana wa kumgodi! Takulandirani, fikani tidye." Achimwene anayang'ana jombo zija. Anati, "Mwadya kale zanga, lero mukundiitanira makombo?"

Anatola chikwakwa changa chimene ndinachisiya pamwala. Alamu anaimirira n'kunena kuti, "Bambo a Lulama, tamverani kaye, Nozibele anakulemberani." Sanapitirize. Achimwene anawatema a Tyhali pakati pa khosi ndi phewa. Chikwakwa chinakanirira m'fupa, anachita kuwaponda pachifuwa kuti achizule. A Tyhali anagwera pamgolo, mgolo unagubuduka. Utomoni wowira unawakhuthukira kumaso ndi pachifuwa. Azakhali, umene uja sutsika ngati madzi, umamata. Ankauchotsa ndi manja, khungu likuchokera limodzi. Kulira kwawo kunamveka mpaka kudibi.

Utomoni wina unawagwera achimwene pamwendo, kuyambira m'bondo kutsika, koma anakhala ngati sakumva. Anawagwira alamu duku limodzi ndi tsitsi n'kuwagwetsera pamulu wa masamba aminga. Anawaponda pamimba, kuponda, kupondanso, akukuwa kuti, "Itulutse! Itulutse ndione ngati ili ndi nkhope ya Tyhali!" Alamu ankangoti, "Mulibe kanthu, mulibe kanthu." Atakweza chikwakwa, alamu anatchinga ndi dzanja lamanja. Zala ziwiri zinagwera mu udzu. Anakwezanso.

Ine nthawi yonseyi ndinali nditaima ngati chitsa, buledi ali m'manja. Sindikudziwa chimene chinandisuntha. Ndinatola chimtengo chotakasira chija, chikadali ndi utomoni wotentha, n'kuwamenya nacho pamwendo wopsawo. Anagwada. Ndinawamenyanso padzanja, chikwakwa chinagwa, ndinachiponya kuchigwa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwenso?" Anandimenya chibakera pakamwa, dzino linathyoka, koma kuimirira sanathe. Azimayi amene amadula mbali ina ya phiri anafika akuthamanga. Anawagwetsa, anawakhalira, n'kuwamanga ndi zingwe za nkhuni.

Ndinang'amba tsamba la alovera, mnofu wozizira uja ndinauika padzanja la alamu n'kumanga ndi duku kuti magazi aleke. A Tyhali tinawayala masamba ong'amba thupi lonse, koma anali atapsa kwambiri, ndipo pakhosi magazi sankaleka. Galimoto ya mwini sitolo inawatenga a Tyhali ndi alamu kupita nawo kuchipatala. A Tyhali anamwalira Lachitatu m'mawa. Alamu ali m'chipatala. Adokotala akuti m'mimba anapezamo magazi a kupondedwako basi, mwana munalibe.

Achimwene anagona kunyumba, azibambo akuwalondera, mpaka apolisi anadzawatenga Lachinayi. Amayi sakudya. Lulama ali kumsana kwanga pamene ndikulemba. Bwerani, chonde.

Nozibele


Qoboqobo, 4 Okutobala 1987

Mlamu wanga Nozibele,

Akundilembera ndi mng'ono wanga, dzanjali silinayambe kugwira cholembera. Uli bwanji, ndipo dzino lako? Zikomo pomutumiza Lulama ndi azakhali. Wanenepa, unkamudyetsa chiyani? Amayi uwapatse moni.

Ine ndikuchira. Pamimba pamandipwetekabe ndikaseka, koma zoseketsa n'zochepa. Zala zitatu zikukwanira kugwira sipuni ndi kuloza munthu. Ana a kuno akunditcha Foloko. Ndikawagwira aona.

Kuno azimayi pachitsime akunong'onezana kuti mimba inalipo koma inachokera kuchipatala. Ndasiya kuwayankha. Amayi ako atumiza uthenga kawiri kuti ndibwerere ndikadikire mwamuna wanga panyumba pake, akuti ukwati ndi kupirira, akuti nkhuni alibe wowatolera. Abambo anga akuti ndisankhe ndekha.

Ndili ndi mafunso awiri, ndipo ndikufunsa iwe chifukwa unali pomwepo. Loyamba: kodi bambo a Lulama akudziwa tsopano? Sindikufunsa ngati akumva chisoni, chisoni ngakhale galu amamva akaba nyama. Ndikufunsa ngati akudziwa. Lachiwiri: iweyo ukuti ndibwere?

Unditumizireko alovera wopaka chipsera cha padzanjachi, chikuyabwa. Kuno wa m'phiri ali kutali.

Mlamu wako,
Nosakhele


Ngqushwa, 16 Okutobala 1987

Alamu anga okondedwa,

Moni. Ndasangalala kumva kuti Lulama wanenepa. Linali phala lomwe lija, ndinkangothiramo dzira. Dzino silikupwetekanso, koma ndikamalankhula mphepo imalowa, ndiye ndapeza chifukwa chabwino chokhalira chete. Amayi ayamba kudya pang'ono.

Funso lanu loyamba. Akudziwa.

Lachitatu lija, uthenga wa imfa ya a Tyhali utafika limodzi ndi mawu a adokotala oti inu munalibe mimba, achimwene anali gone m'nyumba ya malemu bambo, azibambo atakhala pakhomo. Mwendo unali utayamba kununkha. Amayi anandigwadira kuti ndikawamange chilondacho. Ndinadula masamba pampanda wa khola, ndinachotsa minga, ndinang'amba n'kuwayala pachilondapo. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Unkadziwa iwe, unabisa. Njoka yofatsa." Ine ndinangopitiriza kumanga.

Kenako anapempha chakudya. Ndinasamba m'manja, ndinanyema buledi n'kuwapatsa. Analuma n'kulavula. Anati, "Mwayamba kundithirira chiphe?" Ndinati, "Ayi, ndi manja anga." Anati, "Nyansi, kasambe." Ndinabweretsa beseni ndi sopo, ndinasamba iwo akuona, kutsuka mpaka m'zikhadabo. Ndinanyema wina. Analuma, nkhope inakwinyika chimodzimodzi. Ulendo uno sanalavule. Anangokhala naye m'kamwa akundiyang'ana.

Ndinatuluka, ndinakatenga bulauzi yanu yobiriwira ija pachingwe, yochapa kale. Ndinawaonetsa pachifuwa pake n'kunena kuti, "Lawani." Azibambo pakhomo anatembenukira kumbali. Achimwene anaika nsaluyo palilime.

Anaichotsa pakamwa n'kuiyang'anitsitsa. Kenako anafunsa kuti, "Kuyambira liti?" Ndinati, "Kuyambira Meyi, tsiku lililonse lopanda mphepo." Anati, "Nanga amayi?" Ndinati, "Amayi sanakwereko. Ufa umene mwanayo ankadya unkachokera m'manja mwa alamu." Anatola buledi yense, ndi uja analavulira pansi yemwe, n'kudya. Atamaliza anayamba kumenyetsa mutu kukhoma, mpaka dothi likugwa, magazi akutsikira m'maso. Azibambo anachita kuwamanganso. Apolisi akuwakweza galimoto, achimwene anandiitana n'kunena kuti, "Ukamuuze abwere kunyumba kwake." Ndakuuzani tsopano, mawuwo ndawatula.

Funso lachiwiri. Musabwere.

Ndaganiza kwambiri ndikudula m'phirimo ndekha. Achimwene anakukhulupirirani chifukwa bulauzi inawawa. Inu munawauza kuti mulibe kanthu, akukupondani, sanamve. Adokotala ananena, sanamve. Anamva nsalu. Ndimadzifunsa kuti bulauziyo mukanaichapa bwino, kuwawa n'kutha, bwenzi lero akunena chiyani? Bwenzi akunena kuti anachita bwino. Ndi achimwene anga, ndipo ndikapita kundende ndidzawatengera masamba a mwendowo. Koma inu musabwere. Nkhuni za amayi ndizitola ine. Mlandu ukulowa mwezi wamawa, ndikanena zonse, ngakhale mawu andithawe ndikawathamangira. Azimayi a pachitsimewo adzamva.

Ndapatsa woyendetsa basi katoni. Muli masamba a chipsera, muzing'amba n'kupaka mnofu wake m'mawa ndi madzulo, utomoni wachikasuwo muziyamba mwautsuka. Mulinso timbewu titatu tating'ono timene ndinazula m'phiri ndi dothi lake. Mutibzale pamalo a miyala pamene madzi sadikha, musatithirire kwambiri. Timachedwa kukula. Podzafika podula, Lulama adzakhala akupita kusukulu, za bere ataiwala kalekale.

Jombo ndinazitsuka n'kukazibweza, koma ana a a Tyhali akuti ndizivale ine. Nanenso zikundikulira.

Ndamaliza kulemba lero Lachisanu, nthawi ili 4 koloko madzulo. Mphepo yangoleka kumene, mawa ndikwera.

Mlamu wanu,
Nozibele